Malungo Ake Ati?

Du! Du! Du! Kamtondo kankalira kuseri kwa nyumba. Tandale yense, dera la mu Dar es Salaam, anali atagona, kupatula agalu ndi wailesi ya wina amene anaiwala kuzimitsa. Kidawa sanafunike kutuluka kuti akaone. Ankadziwa kuti ndi bambo ake, Che Ridhiwani, akusinja makungwa a muzu, ndipo uwu unali usiku wachitatu. Anaika dzanja pamimba pa mwana wake Shakila, wa zaka ziwiri ndi miyezi inayi, n'kulichotsa msanga ngati wagwira mbaula.

Patapita nthawi madalawo analowa, koloboyi kudzanja lino, kapu yamalata kudzanja linalo.

"Mdzutse amwe."

"Ababa, lero ndi lachitatu."

"Lachitatu ndiye chiyani? Dzulo thukuta silinatuluke? M'mawa uji, phala lija, sanamwe?"

"Anamwa, koma..."

"Koma wakoyo umusunge. Mdzutse."

Kidawa anamudzutsa. Mwana anameza madzi owawa aja osalimbana n'komwe. Ola lisanathe thukuta linayamba kutsika m'khosi, thupi linazizira, mwana n'kugona. Ichi ndicho chinkamumanga pakamwa Kidawa. Muzuwo ukanakhala kuti sukuchita kanthu, akanapeza poyambira kutsutsa. Koma unkachita. Moto unkatsika ndithu, kungoti dzuwa likapendeka unkabweranso, ndipo tsiku lililonse mwana ankapepuka kumsana.

Che Ridhiwani sanabadwe ali wa zitsamba ayi. Kwawo kunali kumapiri a ku Namwera, ndipo anafika ku Dar es Salaam ndevu zisanamere, potsatira amalume awo amene ankasoka zovala ku Kariakoo. Singano inawakanika. Anakalowa ntchito pa fakitale ya nsalu ya boma, ndipo kumeneko anasakaniza utoto zaka makumi awiri ndi ziwiri. Akaona mayi wavala nsalu ya kanga pamsewu ankatha kuloza kuti kufiira uku ndi kwa manja anga, uko ndi kwa wina wamphwayi. Ndiye inafika nyengo imene boma linatsegula zipata kuti aliyense agulitse chimene akufuna. Mitumba, kaunjika uja, inasefukira m'misika. Makina anayamba kuima amodziamodzi, mpaka m'mawa wina anthu anapeza pageti pali loko ndi chipepala. Chaka chotsatira akazi awo, mayi ake a Kidawa, anatsikira kulichete. Bambo aja anatsala ndi mwana mmodzi, zipinda ziwiri, ndi zikhadabo zabuluu zosamva sopo.

Ulemu wa dzana sudyeka. Anayala thumba mumsika wa Tandale, pakati pa ogulitsa makala ndi ogulitsa dagaa, usipa wa kumeneko, n'kuyamba kugulitsa mizu imene ankaikumbuka kwa mayi awo. Ankapita okha kukakumba kutchire la ku Pugu.

Tsiku lina mbuzi inabwera kudzanunkhiza thumba lija.

"Choka apa, mbuzi yopanda mwambo iwe!" anakalipa.

Munthu wina amene ankadutsa anaima n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Anali wamtali, woonda, wamagalasi.

"Kodi madala, ndinu akumudzi?"

Ameneyo anali Willie, wa ku Mulanje, amene ankachita maphunziro apamwamba a zamankhwala pa labu ina ya yunivesite. Anakhala pachidebe, macheza n'kuyambika, dzuwa mpaka kulowa. Willie anali atatha miyezi osamva Chichewa pakamwa pa munthu wamkulu. Anafotokoza ntchito yake. Anati kolorokwini akutha mphamvu, tizilombo tamuzolowera, ndiye iwo akufufuza m'mitengo kuti mwina angapezemo china chatsopano.

"Mukudziwako mtengo wa malungo, madala?"

"Wa malungo? Mwafika, mwanawe. Kwathu timautcha mtsitsamoto. Amayi anga anachiza nawo mudzi wonse."

Nkhani ya kolorokwini inawalasa pamtima chifukwa bala linali likadali laliwisi. Mwana woyamba wa Kidawa, wamwamuna, anali atamwalira ali ndi miyezi isanu ndi inayi. Anamwa mapiritsi onse monga ananenera wa paduka la mankhwala, limodzi la maduka amene anangophuka ngati bowa zaka zimenezo, koma sizinathandize. Che Ridhiwani ndi amene ananyamula kathupiko m'manja kupita nako kumanda. Kuyambira pamenepo piritsi ankaliyang'ana ngati mdani.

Ndiye kwa zaka zitatu, Lachinayi lililonse, ankakwera daladala, minibasi ya kumeneko, ndi thumba la mizu kupita ku labu. Madzulo ankabwera akununkha sipiriti, nkhani zili m'kamwa thoo, ndipo Kidawa ankamvetsera uku akutsuka mbale.

"Timayanika pamthunzi, osati padzuwa. Ine ndimasinja. Kenako amaviika mu sipiriti masiku atatu, kusefa, kuphwetsa pang'onopang'ono mpaka kutsale phula lakuda ngati uchi wopserera. Phulalo amalithira pamwamba pa chubu chagalasi, kutalika ngati iwe, chodzaza ufa woyera. Limatsika dontho ndi dontho, mitundu n'kumasiyana yokha. Wobiriwira patsogolo, wofiirira pambuyo, wachikasu pomaliza. Ukuona? Ine ndinkasakaniza mitundu, Willie amaipatula. Ntchito ndi imodzi, kungoti iye amayenda chobwerera m'mbuyo."

Mu wachikasu uja munatuluka timiyala tonyezimira ngati mchere. Willie anatenga mcherewo n'kuyamba kuusintha, kuuwonjezera kadzanja apa, kuudula kaphazi apo, monga ankanenera madalawo, mpaka anapanga mitundu isanu ndi iwiri. Che Ridhiwani ankaitcha ana a mtsitsamoto. Anaitsekera m'timabotolo n'kuitumiza ku Ulaya kuti akaiyese pa tizilombo timene amatiweta m'magazi. Kumzikiti anzawo anayamba kuwatcha Profesa. Poyamba kunali kuwagemula, koma dzinalo linakhazikika, eni ake n'kumavomera ndi mutu.

Tsono ndani akanawauza bambo otere kuti mwana apite kuchipatala? Mwamuna wa Kidawa, Abdulhamidi, ankayendetsa lole ya ku Zambia, ndipo anali atangonyamuka kumene. Kidawa ankakhala m'nyumba ya bambo ake, ankadya za bambo ake, ndipo chibadwire sanawayankhepo mawu awiri otsatizana. Sukulu anasiyira Fomu 2, koma maso anali nawo. Kutacha anamutengera Shakila pakhomo pamene panali kuwala. Anatambasula kadzanja kake, chikhatho chili mbuu. Anatsitsa chikope, m'kati moyera ngati pepala. Thewera linali ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ndipo mwanayo anali atasiya kulira. Ankangopuma mofulumira, kukamwa kuli yasa, maso ali pa chinthu chimene palibe. Zonsezi Kidawa anali ataziwonapo kamodzi, ndipo ankadziwa kumene zinathera.

Anakagwada pamene bambo ake ankamanga thumba.

"Ababa, lero si Lachinayi?"

"Ndi Lachinayi."

"Bwanji nditsagane nanu? A Willie akamuone mwana amene muzu wawo ukumuchiza. Mwina angalembe m'buku lawo lija."

Madalawo anamuyang'ana, nkhope n'kumasuka.

"Apo ndiye walankhula ngati mwana wa Profesa. Mvekeni diresi labwino."

Mu daladala munali modzaza, kondakitala akukuwa mayina a masiteji. Kidawa anamuika mwana pachifuwa n'kumawerenga mpweya wake. Bambo ake ankafotokozera munthu wina wapafupi, m'Chiswahili, kuti posachedwa dziko lonse lidzamwa mankhwala ochokera ku Pugu.

Labu inali chipinda chachitali, mabotolo ali ndandanda, fungo lake lolasa m'mphuno. Willie anatuluka kuseri kwa tebulo akupukuta manja, n'kupereka moni wa Chiswahili.

"Shikamoo, madala. Aa, ndi achemwali omwe lero!"

"Marahaba. Lero ndakubweretsera mboni, mwanawe. Uyu ndi mdzukulu wanga. Malungo anamugwira Lolemba. Palibe piritsi la mzungu limene lalowa m'kamwa mwake, mtsitsamoto wokha. Tenga buku lako ulembe."

Kidawa sankayang'ana bambo ake. Ankayang'ana Willie, ndipo anaona kumwetulira kukuuma pankhope pake. Mnyamatayo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, chonsecho anali oyera kale.

"Anakapimidwa magazi?"

"Kupima chiyani? Malungo osawadziwa?"

"Ee, zoona, madala. Komabe mwina, ngati simungadandaule, zikanakhala bwino kuti nthawi ina..."

"Achimwene," anatero Kidawa. Mawu ake anatuluka okweza kuposa mmene ankafunira. "Musayang'ane ababa. Yang'anani ine. Muzuwu umapha tizilombo kapena ayi?"

"Kidawa!" anakalipa bambo ake.

Iye sanatembenuke. Maso sanawachotse pa Willie. Mpope wa pakona unkadontha. Willie anapita pa tebulo lake, anatsegula dirowa, n'kutulutsa kalata ya masitampa achilendo. M'mbali mwake munali mutafewa chifukwa chotsegulidwa kambirimbiri.

"Yabwera liti?" anafunsa Kidawa.

"Papita masabata asanu."

"Ikuti chiyani?"

Willie anaiyala kalatayo patebulo.

"Muzu weniweniwo sutikhudza tizilombo n'komwe. Mwa ana asanu ndi awiri aja, asanu ndi mmodzi chimodzimodzi. Womalizayo amangotigwedeza pang'ono, osatipha. Kutentha thupi kokha ndiye umatsitsadi, anayesa pa makoswe. Ndimafuna mpata wabwino woti ndikuuzeni, madala. Lachinayi lililonse ndimati lero, koma mukalowa ndi thumba..."

"Azunguwo anasokoneza mabotolo," anatero Che Ridhiwani. "Amayi anga anachiza mudzi wonse. Ndinaona ndi maso angawa. Ukuti amayi anga anali abodza?"

"Ayi, madala, sindingatero. Koma ndifunseko chimene ndinayenera kufunsa tsiku lija mumsika. Malungo ake ati?"

"Ati bwanji? Malungo ndi malungo. Munthu wanyowa ndi mvula pochokera kudimba. Walima dzuwa lonse. Wasenza nsungwi kutsika nazo phiri. Madzulo mafupa akuphwanya, thupi moto. Amayi ankamuwiritsira, mawa lake munthu ali pakhasu."

"Nanga a udzudzu?"

"Udzudzu unkangoluma basi, ndani ankauwerengera?"

"Nanga mwana akayera manja, akayamba kukoka, maso n'kutembenuka?"

"Amenewo sanali malungo. Ankati majini, ankapita naye kwa shehe."

"Ankabwerako?"

Madalawo anatsitsa maso n'kuyang'ana thumba lawo la mizu.

Willie anakhala pampando ngati wina wamukankha.

"Ine pafomu ndinalemba malaria," anatero motsitsa. "Kusukulu anatiphunzitsa kuti malungo ndiye malaria. Sindinaganize zofunsa."

Kidawa, amene anakulira m'Chiswahili ndipo theka la maganizo ake ankaganiza m'menemo, anamva msanga kuposa onse awiri. M'Chiswahili homa ndi kutentha thupi kulikonse, malaria ndi malaria. Akanacheza m'chinenerocho tsiku lija, bambo ake akanati homa, ndipo Willie akanafunsa kuti homa ya chiyani. Koma anali anthu awiri akumudzi amene apezana pakati pa eni dziko, mitima ili m'mwamba, ndipo liwu limodzi linawakwanira onse awiri kwa zaka zitatu.

Kidawa anali atamubereka kale mwana.

"Galimoto, achimwene. Pezani galimoto."

Kuchipatala anamubaya Shakila pachala, ndipo magazi amene anatuluka anali otuwa ngati osungunula ndi madzi. Nesi wina wonenepa anabwera ndi kapepala, n'kuyang'ana Kidawa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mama, unali kuti masiku onsewa? Tizilombo tadzaza, magazi atha. Mumadikira mpaka mwana afike potere?"

Kidawa anacheuka. Bambo ake anali chilili kumbuyo kwake, thumba la mizu likadali m'manja, chifukwa m'chipwirikiti chija anaiwala kulisiya.

Anamuika diripi ya kwinini. Panafunika magazi. Che Ridhiwani anapinda malaya mkono uli kale patsogolo, koma anawauza kuti ndinu okalamba, khalani pansi. Kidawa anapezeka kuti nayenso ake ndi ochepa. Anapereka ndi Willie. Masana omwewo Shakila anakoka, kamsana n'kupindika, mano n'kulumana, ndipo Kidawa anakuwa dzina la mwana wake woyamba m'malo mwa la uyu. Manesi anamutulutsa panja. Anapeza bambo ake pabenchi, mikanda ya tasibihi ili m'manja koma zala zosayenda.

Pabenchi imeneyo madalawo anakhalapo masiku atatu. Ankangochoka kukaswali n'kubwerera. Kidawa akatuluka kukatunga madzi ankawadutsa osalankhula, iwonso osadzutsa mutu. Sikuti ankawada. Ankaopa kuti akatsegula pakamwa patuluka mawu amene sadzabwezeka. Ankawaona kuti achepa. Chisoti chinkaoneka chachikulu pamutu pawo.

Willie ankabwera madzulo alionse ndi nthochi ndi mabanzi. Tsiku lachitatu anamupeza Kidawa pampope.

"Achemwali, pepani. Ndinkaopa kuwaswa mtima. Ndi munthu wamkulu, ndiye ntchitoyi ndi imene inawadzutsa."

"Ulemu wanuwo, achimwene, ukanandiikitsa mwana wachiwiri."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Mulibe mwana."

Willie anangoyang'ana pansi. Patapita kanthawi Kidawa anafunsa, mawu atafewako, kuti nanga zaka zake zitatu zija zithera pati. Iye anati alemba zoona zokhazokha, kuti muzuwo umatsitsa kutentha koma suchiza. Anati mwana womaliza uja, wongogwedeza tizilombo, mwina amuyesanso kumusintha, kaya zitenga zaka zingati, kaya sizitheka n'komwe. Ankalankhula ngati munthu amene wabwera kumene kuchokera kumanda.

M'mawa wa tsiku lachinayi Shakila anatsegula maso. Anamwa uji masupuni anayi. Kidawa analira mwakachetechete, n'kupita kukaitana bambo ake. Madalawo analowa pang'onopang'ono, nsapato zili m'manja ngati akulowa mumzikiti, n'kuima kumutu kwa bedi, kumbuyo kwa mwana.

"Shakila," anaitana. "Shaki. Mkazi wanga."

Ndi mmene ankamuitanira masiku onse, ndipo mwanayo ankaseka n'kuwathamangira. Lero sanatembenuke. Ankayang'ana botolo la diripi.

Kidawa anazungulira, n'kuwomba m'manja pafupi ndi khutu lake. Anawombanso mwamphamvu. Mwana wa pabedi loyandikana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Shakila sanaphethire n'komwe.

Nesi wonenepa uja anabwera. Ulendo uno sanakalipe.

"Kwinini amatseka makutu nthawi zina, kenako amatseguka. Nthawi zina ndi matendawo amene awononga. Sitingadziwe lero. Dikirani, mama. Moyo ulipo, yambirani pamenepo."

Anatuluka onse awiri, bambo ndi mwana wake, n'kukakhala pabenchi ija. Kunja kunkatentha. Amayi ena ankayanika matewera pawaya. Che Ridhiwani atayamba kulankhula sankayang'ana Kidawa.

"Mwanaima, wa kuseri kwa ogulitsa makala, anatenga muzu Loweruka lija, Shakila asanadwale. Mwana wake ndi wa miyezi khumi."

Kidawa anatembenuka.

"Mwanakheri anatenga sabata yatha, wa mapasa ake. Mkazi wa Petro. Mwanahija, amene ali ndi pakati. Wina wa ku Tabata, dzina ndaiwala koma nyumba ndikuidziwa, ndinamuperekeza. Onsewo ndinawauza kuti asavutike ndi chipatala. Ndinati muzu uwu ukupangidwa piritsi ku Ulaya."

"Alipo angati, ababa?"

"Sindikudziwa. Zaka zitatu, Kidawa. Ena sanabwerenso. Ine ndinkati achira."

Kidawa anaona m'maganizo nkhope za amayi amenewo mmodzimmodzi, amene ankatunga nawo madzi pampope umodzi, aliyense atakhala mumdima ndi kapu yamalata, akuthokoza Mulungu kuti thukuta latuluka.

"Akakutukwanani," anatero. "Amuna awo akhoza kukumenyani. Msika uja simudzakhalamonso."

"Ndikudziwa."

"Kumzikiti akakusekani."

"Aseke."

Anavala nsapato, n'kumanga zingwe pang'onopang'ono.

"Ndiyambira kwa Mwanaima, chifukwa wake ndiye wamng'ono. Ndikamupeza mwana ali moto ndibwera naye konkuno ndekha. Ndikatha m'Tandale ndipita ku Tabata. Lachisanu tikatha kuswali ndiimirira pamaso pa onse, ndinene kuti amene anagulako kwa ine, kapena akudziwa amene anagula, akapimitse mwana magazi. Ndikanena m'Chiswahili, kuti unashusha homa tu, umangotsitsa kutentha basi. M'chinenero chathu ndikhoza kuwasokonezanso."

Anaimirira, n'kusuzumira pazenera la wodi kumene mdzukulu wawo ankayang'anabe botolo lija.

"Iwe khala ndi mwana. Uzimuitanabe, usatope. Akatembenuka, utumize munthu adzandiuze. Andipeza ndili pamakomo a anthu."